Chigubu cha Asidi ku Kabulonga

Ndisanayambe kusamalira maiwe osambiramo a anthu olemera, ndinali munthu wa mu labu. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ku Kabulonga, dera la olemera mu Lusaka, palibe amene anandifunsapo. Zaka zoposa khumi ndinkavala khoti loyera pa kampani ina ya boma yopanga zakumwa, ndipo ntchito yanga inali yoyeza madzi. M'mawa uliwonse ndinkatunga madzi m'matanki, n'kuwadonthezera mankhwala, n'kulemba zimene ndapeza. Ndikanena kuti madzi awa sali bwino, makina onse ankaima, ndipo amuna ovala mataye ankadikira pakhomo mpaka ine nditavomera kuti ayambenso.

Kenako kunabwera zipani zambiri, ndipo nanenso ndinavina nawo mumsewu. Posakhalitsa makampani a boma anayamba kugulitsidwa ngati tomato wa madzulo. Yathu anaigula anthu akunja amene anabwera ndi makina awoawo oyezera madzi, ife n'kupatsidwa makalata. Mawu a masiku amenewo anali akuti atipuluna, ngati kuti ndife nthambi za mtengo wa pabwalo la bwana. Bambo a ana anga anawapuluna chaka chomwecho, ndipo anapita ku Copperbelt kukasaka ntchito kumene eni ake akumeneko ankaisowanso. Ine ndinatsala ku Kabwata ndi ana atatu, m'kafulati ka pamwamba kumene madzi ankafika akafuna okha.

Ndinayesa kugulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, koma ine pakamwa pa malonda ndilibe. Munthu akafunsa ngati diresi limuyenera, ndinkamuuza zoona. Amene anandipulumutsa ndi mayi wina wa kumpingo kwathu, wa kwathu komwe kum'mawa, amene ndinkamuitana kuti asisi. Iwo ankaphika m'nyumba ina yaikulu ku Kabulonga. Tsiku lina potuluka m'tchalitchi anandikokera pambali nati dziwe la madamu awo lasanduka lobiriwira ngati la achule, ndipo wosamalira maluwa walephera nalo. Anandifunsa ngati madzi a m'dziwe amasiyana ndi amene ndinkayeza kuntchito. Ndinati madzi ndi madzi basi.

Masiku anayi okha dziwe lija linayera mpaka timatailosi ta pansi tinkawerengeka. Madamu anasangalala, n'kuuza anzawo awiri a ku Woodlands, ndipo ndinapezeka ndili ndi nyumba zitatu. Lolemba ndi Lachinayi ndinkapita ku Woodlands, Lachitatu ndi Lachisanu ku Kabulonga. Amayi atatuwo ankapemphera limodzi, kumeta tsitsi kumodzi, ndiponso kukambirana za antchito awo pafoni. Ndinkadziwa bwino kuti nyumba zitatuzo zamangidwa pa chingwe chimodzi, ndipo ikaduka ya ku Kabulonga, zinazo zigwa nayo. Chakudya cha ana anga chinali pa chingwe chomwecho.

Ntchitoyo anthu amaiona ngati yongokokolola masamba ndi kansengwa ka pamtengo. Masamba ndi nkhani yaing'ono. Nkhani yeniyeni ili pa kolorini, ufa woyera uja umene umapha tizilombo ndi ndere. Kolorini akalowa m'madzi sakhala mtundu umodzi. Amagawikana pawiri: wina waukali, amene amagwira ntchito, ndi wina waulesi, amene amangoyandama. Awiriwa sali ngati nkhuni ndi phulusa, zoti zikapsa zapsa. Waukali amasanduka waulesi, waulesi n'kusandukanso waukali, uku ndi uku, osapuma. Zikafika poti osanduka mbali iyi akufanana ndi osanduka mbali inayo, woyang'ana amati zaima. Sizinaime ayi. Zili ngati mzere wa pampopi pathu ku Kabwata, umene unkaoneka wautali chimodzimodzi m'mawa wonse ngakhale kuti otunga ankachoka ndipo ena ankafika.

Chimene chimalamula kuti waukali achuluke kapena achepe ndi madziwo. Madzi amatha kupendekera kowawasa, ngati ndimu, kapena kupendekera mbali ya chidulo chija timaphikira therere. Akapendekera ku chidulo, kolorini wambiri amathawira ku ulesi, ndipo ungathire ndowa yathunthu ndere zikungokuseka. Tsono madzi a mu Lusaka amachokera pansi pa miyala ya laimu, ndipo amabadwa atapendekera kale ku chidulo. Ufa wa kolorini nawonso umawakankhira komweko. Mankhwala ake ndi amodzi: asidi pang'ono, makapu awiri kapena atatu m'dziwe lonse, kuti madzi abwerere pakati ndipo waulesi uja adzuke. Ku koleji tinkaloweza kuti zinthu zoterezi ukazikankha mbali imodzi, zimasuntha kuti zichepetse kukankha kwakoko. Ndinali ndi kabokosi kanga koyezera. Ndikadonthezera timadzi tofiira m'kachubu ka madzi a m'dziwe, akakhala bwino ankaoneka ngati lalanje, akapendekera ku chidulo ankasanduka ofiirira ngati maluwa a mbatata.

Apa ndiyenera kudziulula, chifukwa mkwiyo wanga wonse uli ndi kachigawo kamene ndi ka ine mwini. Asidi wa maiwe ankagulitsidwa m'masitolo a mumsewu wa Cairo, m'zigubu zokongola zochokera kunja, koma dzanja langa silinkafikako. Ndinkagula wa mabatire a galimoto kwa amuna a ku Kamwala, ndipo iwo ankandithirira m'chigubu chakale cha mafuta ophikira. Ntchito ankagwira chimodzimodzi. Chigubucho ndinkachisunga m'kanyumba ka pampu, kuseri kwa dziwe, chopanda chizindikiro chilichonse. Mu labu munthu akanasiya botolo la asidi osalilemba, ndikanamukalipira mpaka m'makutu mwake mukanalira. Koma ine, amene ndinkadziwa zonsezi, ndinangoti ndidzalemba mawa, ndipo miyezi inatha ndikunena mawa. Madamu sindinawauze za asidi. Sanafunse, ndipo ine ndinaona kuti madzi akamayera, zokambakamba n'zosafunika.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mwana wamkazi wa madamu anali pafupi kukwatiwa. Kunakonzedwa kichini pate, phwando lija la amayi okhaokha limene amalangiza mkwatibwi n'kumupatsa ziwiya za kukhitchini. Madamu anafuna kuti lichitikire m'mbali mwa dziwe, ndipo anamangitsa faunteni ya simenti, ya mkazi wonyamula mtsuko, yothira madzi m'dziwemo usana wonse. Yokongola inali yokongola, sindikana. Koma madzi akamawazika m'mwamba motero amataya mpweya wina umene umawathandiza kukhala owawasa pang'ono, womwe uja umatuluka m'botolo la chakumwa ukalitsegula. Mpweyawo ukachoka, madzi amathamangira ku chidulo. Kuyambira tsiku limene faunteni inayamba kulira, kachubu kanga kankafiirira nthawi iliyonse, ndipo ndinkathira asidi wochulukirapo kuposa kale.

Phwando linali Loweruka. Lachitatu la sabata imeneyo ndinafika m'mawa monga mwa masiku onse, koma mlonda anandiuza kuti ndipite kukhonde la kutsogolo, kumene sindinkapitako. Ndinapeza madamu atakhala ndi amayi anayi a komiti ya phwando, aliyense ndi botolo la chakumwa m'manja. Pakati pawo, pa udzu, panali chigubu changa. Asisi anaima chapatali atamanga nsanza kuphazi, ndipo m'manja anagwira chitenje chawo cha kuntchito, chili mabowomabowo ngati chadyedwa ndi chiswe.

Nkhani inali yakuti dzulo lake asisi anatumidwa kukasuntha zinthu m'kanyumba ka pampu kuti muikidwe makireti a zakumwa. Ataona chigubu cha mafuta ophikira anachitsegula kuti aone, ndipo madzi ake anawatayikira pachitenje ndi paphazi. Mwayi wake anathamangira kumpopi.

"Iwe, ni chani ichi?" anatero madamu, akuloza ndi phazi. Chiyambire ankandiitana kuti amai, koma tsiku limenelo ndinasanduka iwe.

"Ni asidi ya pulu, ba madamu. Nimaikako pang'ono chabe kuti klolini isebenze. Nalakwa kusalemba pa chigubu, ico navomela."

"Asidi? Mu manzi? Mwebantu, mwamvela? Myezi yonse iyi bana banga na bazukulu banga basamba mu asidi!"

"Awe, ba madamu, ikangena mu manzi yambili so siikhala asidi futi. Ico chakumwa muli nacho mu kwanja chili na asidi kuchila manzi ya mu pulu. Ine nenze kuchipanga, niziba."

Ndinalakwitsa pamenepo. Madamu anayang'ana botolo lawo, kenako n'kuyang'ana anzawo, ndipo ndinaona kuti ndawachititsa manyazi pamaso pa alendo. Mayi wina wa komiti, wonenepa, wa mawotchi awiri, anaika botolo lake pansi pang'onopang'ono.

"Imwe, mufunse bwino," anatero. "Asidi pa nyumba, sabata ya kichini pate ya mwana? Bantu ba masiku yano. Kapena banamutuma."

Masiku amenewo m'tauni munkamveka nkhani za akazi othirana asidi kumaso chifukwa cha amuna, ndipo aliyense pakhonde paja anadziwa chimene mayiyo akutanthauza. Ine, mayi wa ana atatu, wa chigwirizano cha amayi kumpingo, ndinaima pa udzu wa eni ake akundiyesa munthu wofuna kuotcha nkhope ya mkwatibwi. Ndinafuna kuwafunsa kuti pa onsewo ndani anayamba wagwirapo kachubu koyezera, ndani akudziwa kusiyana kwa asidi ndi sopo. Koma ndinakumbukira kuti ukayenda umasiya phazi, ukasiya mlomo umakutsata, ndipo ndinakumbukiranso ana anga. Ndinaluma mlomo.

Madamu anagamula mlandu. Chigubu anachipereka kwa mlonda kuti akachitaye kunja kwa mpanda. Asidi asadzalowenso pageti lawo. Ndipo dziwe likhale loyera Loweruka, chifukwa wojambula zithunzi abwera, ndipo likapanda kuyera ndisadzaonekenso, iwo adzauza ndi anzawo a ku Woodlands omwe.

"Ba madamu, ngati asidi mwakana, zimyani faunteni mpaka pa Chibelu, siku ya pate. Niyo ipangisa manzi kuonongeka."

"Faunteni ni ya pate. Bantu ba komiti bafuna kuiona. Iwe chita chabe nchito yako."

Ntchito yanga anali atangoiponya kunja kwa mpanda, ndiye ati ndichite ntchito yanga. Ndinakokolola masamba, kutsuka makoma ndi burashi, kutsuka sefa ya pampu, zonse zimene manja angachite. Pochoka ndinapita kukhitchini kukapepesa kwa asisi. Anandionetsa phazi, linali ndi matuza atatu. Anati ndisadandaule, lipola, koma sanandiyang'ane kumaso, ndipo ndinadziwa kuti nawonso adzudzulidwa chifukwa chobweretsa munthu ngati ine panyumbapo.

Lachisanu ndinafika dzuwa litangotuluka. Madzi anali atayamba kuchita chimbuuzi, ndipo m'makona munali kubiriwira. Faunteni inali ikuthira madzi ake mosatekeseka. Ndinayeza, kachubu n'kufiirira kuposa tsiku lina lililonse. Ndinayezanso kolorini m'kachubu kachiwiri, ndipo analimo wokwanira bwinobwino. Analimo, koma pafupifupi yense anali waulesi. Anyamata a matenti anali akukhoma zikhomo pa udzu, mipando ikutsitsidwa m'lole, ndipo madamu anatulukira atavala chipewa chachikulu.

"Manzi yaoneka bwanji so?"

Ndinawaonetsa timachubu tiwiri tija m'manja mwanga. Ndinalankhula mofatsa ngati ndikulankhula ndi wodwala. Ndinati taonani, kolorini alimo, vuto si kuchepa kwake, vuto ndi ili lofiirirali. Ndinati andilole makapu atatu okha, iwo ataima pomwepo akuona, ndipo ndikatha ndimwa madziwo pamaso pawo. Sanayang'ane n'komwe timachubuto. Analowa m'kanyumba ka pampu n'kutulukamo akukoka ndowa yatsopano ya ufa wa kolorini, imene bwana, amuna awo, anabwera nayo kuchokera kunja.

"Ika yonse."

"Ba madamu, nikaika yonse, mailo manzi yazakhala monga mukaka."

"Klolini ndiye imatubisa manzi, olo mwana mung'ono aziba. Uli na ulesi chabe, olo ufuna kutisebanya pamenso pa bantu. Ika yonse, nili pano."

Ndakhala ndikudzifunsa zaka zonsezi chifukwa chake sindinaike ndowayo pansi n'kumapita. Yankho ndi lopanda ulemu: ndinkaopa. Ndinaganiza kuti ndikakana andichotsa pompo, koma ndikamvera mwina mawa adzakumbukira kuti ndinawachenjeza. Choncho ndinanyamula ndowa ija n'kuyenda mozungulira dziwe, ndikuwaza ufa ndi manja angawa, ndikudziwa bwinobwino chimene ndikuchita. Fungo lake linkandilowa m'maso mpaka misozi, ndipo ndinayamika kuti pali chonamizira. Pa ntchito zonse zonyozeka zimene ndagwirapo, palibe inandipweteka ngati imeneyo, yowononga madzi mwadala chifukwa mwini wake waima kumbuyo kwako. Madamu anadikira mpaka ndinagogoda ndowa kuti aone kuti yatha, ndipo anandiuza kuti ndibwere m'mawa kudzachotsa masamba alendo asanafike.

Aliyense wa mu Lusaka amadziwa zoyera zija zimamata m'ketulo. Ndi laimu amene amakhala atasungunuka m'madzi athu osaoneka. Nayenso amapita n'kubwerera: madzi akakhala owawasa pang'ono amasungunuka, akapendekera ku chidulo amatuluka n'kukhala fumbi loyera. Ufa wa kolorini uja uli ndi laimu wakewake, ndiye ine ndinali nditathira laimu wina m'madzi odzaza kale ndi laimu, n'kuwakankhiranso ku chidulo. Laimuyo analibenso pobisala. Loweruka m'mawa, nditangokhota pakona ya nyumba, ndinaona dziwe lonse lili mbee, ngati munthu wathiramo ufa wa phala. Ngakhale sitepe yoyamba sinkaoneka, ndipo mkazi wa simenti uja anali akuthirabe madzi kuchokera mumtsuko wake.

Madamu anali kale pomwepo ndi amayi a komiti, onse atavala zitenje zofanana. Sindibwereza zonse zimene ananena. Anati ndawalodza, anati ndachita dala chifukwa cha chigubu changa, anati anandichotsa m'fumbi la ku Kabwata ndipo malipiro ake ndi amenewa. Ndinati, "Ba madamu, nenze nakuuzani mailo," ndipo mayi wa mawotchi awiri uja anaomba m'manja nati, "Mwaona? Enze aziba!" Kudziwa kwanga komweko kunasanduka umboni wondimanga nawo.

Anandiuza kuti nditenge zanga ndichoke, koma ndisanatuluke chikwama changa chisechedwe, mwina muli botolo lina. Amene anatumidwa kusecha anali asisi. Anabwera akutsimphina, n'kugwada pa simenti, n'kutulutsa zinthu zanga chimodzichimodzi: kabokosi koyezera, nsalu yopukutira, mbatata ziwiri zophika zimene ndinatenga kuti ndidye masana, ndi kabuku ka nyimbo za kutchalitchi. Ine ndinayang'ana kumwamba kuti ndisawaone, chifukwa ndikanawaona ndikanalira, ndipo sindinafune kuti amayi aja aone misozi yanga.

Tili pomwepo pageti panalira hutala. Bwana anali ataimbira foni kampani ina yatsopano yosamalira maiwe, mwa makampani aja anamera ngati bowa m'zaka zimenezo. Inalowa galimoto yoyera yolembedwa m'mbali, ndipo munatsika bambo wina wovala ovolosi yabuluu yosita bwino. Anapereka moni, n'kugwada m'mbali mwa dziwe, n'kutulutsa kabokosi koyezera kofanana ndendende ndi kanga kamene kanali pa simenti. Anadontheza timadzi tofiira, kachubu n'kufiirira. Anaimirira, n'kupita kukanyumba ka pampu osapempha aliyense, n'kuzimitsa faunteni. Mkazi wa simenti uja anauma pakamwa pa mtsuko, ndipo madamu sanamuletse.

Kenako anatsitsa m'galimoto chigubu choyera chojambulidwa nsomba zikudumpha. Atangotsegula, fungo linandipeza pamene ndinaima, lobaya m'mphuno. Ndinalidziwa ngati mmene munthu amadziwira fungo la nyumba yake. Anali asidi, woopsa kuposa wanga uja, wofuka utsi. Anathira m'ndowa ya madzi, n'kuyamba kuzungulira dziwe mmene ndinkazungulirira ine. Pamenepo mlomo umene ndinauluma kuyambira Lachitatu unandipulumuka.

"Ba madamu, iyo ni asidi! Mufunseni!"

Onse anatembenuka. Bamboyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku patapata wanga, kenako anayang'ana madamu n'kumwetulira.

"Ee, ni asidi, madamu. Pulu iliyonse mu Lusaka ifuna asidi. Manzi yatu ni ya laimu. Musiye pampu isebenze, faunteni ikhale yozima, pofika ma fotini masana yazakhala mushe."

Ndinadikira. Ndinaganiza kuti madamu atembenuka n'kundiyang'ana, ngakhale kamphindi chabe. Iwo anagwedeza mutu, n'kuuza amayi a komiti kuti, "Mwaona, aba ndiye baziba nchito yao." Anatumanso asisi kuti akamutengere bamboyo chakumwa chozizira.

Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo kameneka kanali kanga komwe, kosiyana chigubu chokha. Bamboyo sindimuda, ananena zoona ndipo ntchito ankaidziwa. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mawu amene ine ndinanena Lachitatu ndi Lachisanu, mopempha, nditapinda manja, anali ufiti, koma atatuluka mkamwa mwa mwamuna wotsika m'galimoto yolembedwa anasanduka nzeru. Ndinatola zinthu zanga pa simenti n'kuzibwezera m'chikwama. Mlonda ananditsegulira kageti kakang'ono, ndipo ndinayenda wapansi mpaka pokwerera minibasi. Sindinaone ngati madzi anayera pofika masana, koma sindinafunikire kuona, ndinkadziwa kuti ayera.

Lamlungu asisi sanabwere kutchalitchi. Ana ndinangowauza kuti phwando linayenda bwino. Lolemba ndinadzuka monga mwa nthawi zonse, n'kukwera minibasi ya ku Woodlands, ndikudzinamiza kuti mwina foni sinalire. Panyumba yoyamba wantchito wa m'nyumba anandiuzira pa mpanda kuti madamu kulibe ndipo adzachita kundiitana. Galimoto ya madamuyo ndinkaiona ili pakhonde.

Panyumba yachiwiri mlonda anali bambo wachikulire wa ku Luapula, waimvi, amene tinkapatsana moni mwaulemu ndipo nthawi zina ndinkamugawira mbatata. Ndinagogoda. Sanatsegule geti, anangotsegula kawindo kachitsulo kaja amaonerapo alendo.

"Mwashibukeni, amai," anandipatsa moni wa kwawo, mawu ali pansi. "Ba madamu bakamba ati musangene. Ati nchito yasila."

"Namvela, ba tate. Nipaseni chabe burashi yanga ili ku pampu."

Anapita n'kubwera nayo, n'kuidutsitsa pamwamba pa geti. Ndinatembenuka kuti ndizipita, koma anandiitananso. Pakawindo paja anandionetsa chigubu choyera chojambulidwa nsomba, chatsopano, chosatsegula. Anachigwira ndi manja awiri, kutali ndi thupi, ngati wagwira njoka.

"Amai, ba madamu bagula ici. Bakamba ati kuyambila lelo ndine nizaziika mu pulu, pakuti nimankhala chabe pa geti. Ine siniziba kubelenga ivi balemba apa. Nimaika bwanji? Nitile manzi mukati mwamene umu?"

Ndinaima pamsewu paja burashi ili m'manja. Mtima wina unandiuza kuti ndimusiye, athire mmene akufunira, ndipo chimene chichitike madamu akachione okha. Ndinaufuna mtima umenewo, ndisaname. Koma ndinkadziwa chimene asidi amatha kuchita munthu akamuthira madzi, mmene amatenthera n'kuthovukira kumaso, ndipo maso amene anali pakawindopo sanali a madamu.

Ndinayandikira. Ndinamuuza kuti asathire madzi mu asidi, tsiku lililonse la moyo wake, koma adzaze ndowa ndi madzi kaye kenako athiremo asidi pang'onopang'ono. Ndinamuuza kuti aziima mphepo ikuchokera kumbuyo kwake, kuti asasunge chigubucho pafupi ndi ufa wa kolorini, ndiponso kuti akadonthezedwa athamangire kumpopi osayamba wapukuta. Anandifunsa kuti adziwa bwanji kuchuluka kwake. Ndinatsegula chikwama, n'kutulutsa kabokosi kanga koyezera, n'kumuonetsa pakawindo pomwepo madontho angati, mtundu wa lalanje ndi uti, wofiirira ndi uti. Ndinamubwerezetsa katatu mpaka anakhoza. Kenako ndinakalowetsa kabokosiko pakawindo, chifukwa popanda iko akanangothira mwachimbulimbuli, ndipo ine ndinalibenso madzi oti ndikayeze.

"Lesa amipale, amai," anandidalitsa m'chinenero cha kwawo, n'kutseka kawindo.

Ndinabwerera ku Kabwata ndi burashi yokha paphewa. Kondakitala wa minibasi anati ndi yaitali, itsekereza anthu, ndipo ndinakhala kumpando wa kumbuyo nditaitulutsira pawindo.